Nthawi Imene Ndinkaidikira

Kope lija ndinaligula pa Nsaru tsiku la msika, mwezi umene ndinalandira malipiro oyamba a uphunzitsi. Linali la chikuto cholimba chakuda, lamasamba ambiri, losafanana ndi timakope ta ana asukulu. Patsamba loyamba ndinalemba dzina langa, pansi pake n'kulemba kuti Nthano ndi Ndakatulo. Kenaka ndinalikulunga m'pepala la pulasitiki n'kuliika pansi penipeni pa sutikesi kuti chiswe ndi chinyontho zisalipeze. Mumtima ndinati ndidzaliyamba ndikadzapeza nthawi.

Nthawi imene ndinkanenayo inali ndi maonekedwe ake m'mutu mwanga: kachipinda kotseka chitseko, tebulo losagwedera, nyali yosatha mafuta, ndi bata loti ngakhale nkhuku osaimva. Kwathu sindinaonepo munthu ali ndi zimenezi, koma ndinkakhulupirira kuti olemba mabuku onse ali nazo, ndipo changa n'kupirira mpaka zitandipeza. Maphunziro a pulayimale atakhala aulere mu 1994, ana anadzaza m'makalasi mpaka ena kumaphunzirira pansi pa mitengo. Ine ndinali ndi ana oposa 100, ndipo aliyense ankafuna kope lake lichongedwe ndi bolopeni yofiira. Ndikaweruka ndinkalunjika kumunda, pakuti mphunzitsi wakumudzi wosalima amagona ndi njala mwezi usanafike pakati. Onjezanipo maliro, milandu ya kubanja, komiti ya mjigo ndi zakutchalitchi. Ndinkati ndidikire holide. Koma holide ikagwa m'dzinja ndi ya kupalira ndi kubandira, ikagwa m'masika ndi ya kukolola ndi kusankha fodya, ya m'chilimwe imathera pa kuumba njerwa, kusosa ndi kuthirira kudimba. Zaka 7 zinatha choncho.

M'zaka zimenezo ndinawerenga za mlembi wina wa ku England wa m'zaka za m'ma 1800, Anthony Trollope. Ankagwira ntchito ku positi ofesi, koma analemba mabuku a nthano 47. Ankayamba 5:30 m'mawa, wotchi ili patsogolo pake, mawu 250 pa mphindi 15 zilizonse, ndipo akakwanitsa maola 3 ankanyamuka kupita kuntchito. Ndinayesa njira imeneyi sabata ziwiri za Januwale. Inakanika, ndipo sichinali chifukwa cha ulesi. Kwathu m'mawa muli mwini wake kale, ndiye khasu. Ola limene Trollope ankatola cholembera ndi limene ine ndinkayenera kukhala nditapalira mizere ingapo, kuti dzuwa likamakwera ndikhale nditasamba n'kuima kutsogolo kwa ana. Ndinadziona wolephera, osadziwa kuti ndikulimbana ndi malaya osokedwera munthu wina.

Chaka chotsatira atsibweni anga anadwala n'kugonekedwa pa chipatala cha St Gabriel's ku Namitete, chija anayambitsa masisitere ochokera ku Luxembourg mu 1959. Abale anasankha ine kuti ndikawadwazike pakuti sukulu inali yotseka. Ndinatulutsa kope lija, masamba ake atachita chikasu m'mbali, ndipo ndinati wodwazika matenda amakhala ndi nthawi yambiri, tsopano ndilemba. Masiku anayi ndinakhala pakhonde kope lili pamiyendo. Mutu unali gwa ngati munda wa katondo mu Okutobala.

Kukhitchini kumene odwazika matenda amaphikira kunali mayi ena achikulire ochokera cha ku Mpingu, amene ankadikirira mwana wawo woyembekezera. Ndikapita kukatenthetsa madzi ndinkawapeza ali chikhalire pafupi ndi mafuwa, mphika uli pamoto, m'manja muli masipoko awiri a njinga. Anali atamasula juzi lakale la kaunjika n'kukulunga ulusi wake m'timipira, wofiira pawokha, wobiriwira pawokha, ndipo ankaluka kachipewa ndi timasokosi ta khanda limene linali lisanabadwe. M'mphepete mwa kachipewako ankalukamo timizere tokhotakhota tonga akalozera m'munda wotsetsereka. Ndinawafunsa kumene anaonera kalukidwe kameneko. Anati sanaonere paliponse, kanangobwera. Ndiye ndinafunsa chimene chinkandisautsa ine mwini.

"Nanga amayi, ndi kutangwanika konseku, nthawi yolukira mumaipeza kuti?"

Anandiyang'ana ngati sanamve bwino. "Nthawi yake iti, bambo? Nyemba zikamabwata, manja azitani?"

Madzulo ndinawafotokozera atsibweni. Iwo ndiwo ankapeka nyimbo za boma la mganda la m'mudzi mwathu kuyambira ine ndisanabadwe. Sankatha kulemba ngakhale dzina lawo, ndipo ine, ndi sukulu yanga yonse, ndinali ndisanawafunsepo kumene nyimbozo zinkachokera. Anakhala chete pang'ono, n'kunena kuti: "Aphunzitsi, ntchito zili pawiri. Pali ntchito yodya manja, pali ntchito yodya mutu. Inu mukudikira tsiku loti manja ndi mutu zonse zikhale pansi. Tsiku limenelo ndi la m'bokosi. Ine nyimbo zanga zonse zinabadwira m'chigafa."

Munthu wa ku Nsaru, Kabudula kapena Nambuma safuna kumuuza za kusoka fodya. Mumakhala pansi kuyambira m'mawa, mulu wa masamba uli pambali, mukuwabaya kutsinde ndi singano n'kuwatunga pachingwe kuti akapachikidwe pa mikangala. Utomoni wake umamata zala mpaka kuda bii, msana umachita kulira, ndipo mawa mulu wina ukubwera. Fodya wakhala akudya manja a dera lino kwa zaka 100. Cha m'ma 1920 mzungu wina, A. F. Barron, anatsegula esiteti ya Mbabzi n'kuyamba kulimbikitsa anthu a m'midzi kulima fodya wa chikopa, ndipo mu 1926 boma la atsamunda linakhazikitsa Native Tobacco Board yoyang'anira ulimi umenewu. Fodya wa bale anali wa maesiteti okha mpaka 1990, pamene alimi ang'onoang'ono analoledwa kumulima. Mganda nawo mizu yake ili m'maperete a asilikali amene anabwerako ku nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Kuguba kuja, makabudula oyera, masokosi ofika m'mawondo, maudindo a m'boma, zonse zimaloza komweko. Ndikaganiza, fodya ndi mganda ndi amsinkhu umodzi, ndipo anakulira pabwalo limodzi. Ntchito imene inkamanga anthu pansi miyezi iwiri ndi yomweyo imene inkasiya mitu yawo pamtetete.

Atsibweni anandifotokozera mmene ankachitira, ndipo ndimakumbukira chifukwa sindinaphunzirepo kwina kulikonse. Mu Febuluwale ndi Malichi, zala zikazolowera singano, ankayamba kung'ung'udza. Mawu ankabwera pambuyo, kuchokera pa zimene amva chaka chimenecho: mtengo wa fodya ku okushoni, mnyamata wothawa mimba, mfumu yokondera pa mlandu wa malire. Akagwira kamzere, ankakaimba mosakweza, ngati sakufuna kuti wina amve. Ana amene ankasoka nawo ndiwo anali oweruza. Pofika madzulo mwana wina akamveka akukaimba popita kumjigo, ndiye kuti nyimbo yabadwa. Akapanda kukatola, ankakataya osadandaula. Kukolola kukatha, mwezi ukawala, anyamata ankasonkhana ndi ng'oma ndi mabadza awo kuti aziphunzira, ndipo m'chilimwe ankapita nazo kukapikisana ndi maboma a midzi ina. Nyimbo yomveka pabwalo mu Ogasiti inali itafesedwa nthawi ya mvula, pakati pa ntchito yotopetsa kuposa zonse.

Usiku umenewo ndinagona pansi pafupi ndi bedi lawo ndikuganiza za agogo anga aakazi. Pamtondo pawo sipankakhala zii. Akazi awiri kapena atatu akazungulira mtondo umodzi, minsi imayenera kulowa mosinthana. Wina akaphonya, minsi imagundana ndipo chimanga chimamwazikira pansi. Chimene chimagwira dongosolo limenelo ndi nyimbo. Siinali chokometsera choikidwa pamwamba pa ntchito ngati mchere wapambali, inali chida chokonolera ngati munsi womwewo. Ndipo m'menemo ndimo mkazi ankanenera zimene sakanatha kunena pamaso: mwamuna wopita ku Joni osatumiza ngakhale sopo, mkazi mnzake wapamitala, apongozi olowerera za m'nyumba. Mwamuna ali pakhonde ankamva zonse, koma ayankha bwanji, poti ndi nyimbo chabe? Hugh Tracey, amene anayenda m'Nyasaland ndi makina ojambulira mawu m'zaka za m'ma 1950, anajambula zina mwa nyimbo zapamtondo, ndipo zimasungidwa ku International Library of African Music ku South Africa. Za agogo anga palibe anajambula.

Chigayo chinabwera, pambuyo pake n'kubwera chokonolera, ndipo mitondo yambiri tsopano imangosinjira nsinjiro. Sindilira nazo. Ndinaona mapewa a mayi anga mmene analili pofika zaka 50, ndipo munthu wofuna kuti akazi abwerere ku mtondo kuti iye azimva nyimbo ayambe wakonola yekha thumba limodzi. Koma nyimboyo inasowa pokhala, ndipo inachita kusamuka. Lero mumaimva kusikelo amayi akudikira kuyezetsa ana, pa banki m'khonde asanatsegule bokosi, pa chimtali, ndi m'makwaya a Loweruka masana.

Nditabwerako ku Namitete ndinayamba kusanthula tsiku langa monga mmene atsibweni ananenera. Kuphunzitsa kumadya mutu, kuchonga makope n'chimodzimodzi, ndipo kulemba masikimu kumaumaliziratu. Pamenepo panalibe poti ndilowetse kanthu, ndipo ndinatsimikiza mtima kuti sindidzaba ola la ana, pakuti mwana wa Sitandade 4 amene wataya chaka sachipezanso. Koma sukulu imene ndinkaphunzitsa inali ulendo wa mphindi 40 pa njinga, kupita kokha. Zaka zonse zija ndinkatchova ndikuwerengera ngongole. Ndinayamba kutchova ndikupeka.

Poyamba zinkandivuta chifukwa ndinazolowera kuti mawu amayambira papepala. Ndinkagwira mizere iwiri pochoka pakhomo, n'kumaibwereza chapansipansi motsatana ndi mapedulo. Pofika pa mlatho ndinkaonjeza wachitatu. Ndikafika pasukulu ndinkalemba msanga kuchikuto chakumbuyo kwa kope la masikimu belu lisanalire. Masiku ambiri ndinkapeza kuti mzere wina wagwa panjira, ndipo zinkandipweteka, mpaka ndinazindikira kuti umene wagwawo nthawi zambiri ndi uja unali wolemera ndi mawu ongokometsera. Mutu ndi lichero: mankhusu amauluka okha. Chichewa changa chinasintha. Ziganizo zazitali zimene ndinkatengera ku Chingerezi cha m'mabuku sizinkatha kukwera chitunda, mpweya unkathera pakati. Zotsala zinali zija zoti munthu angathe kuzinena akupuma, ndipo ndi zomwezo zimene munthu womvera amatha kupita nazo kwawo.

Ngakhale ntchito yodya mutu ija ndinaiona mwatsopano. Kukoleji anatiphunzitsa TALULAR, kupanga zipangizo zophunzitsira kuchokera ku zinthu zopezeka pamalo, ndipo ambiri tinkaitenga ngati chizindikiro cha umphawi wa masukulu athu. Umphawiwo ulipodi, ndipo boma lisabisale kumbuyo kwa zitsekerero za mabotolo. Komabe tsiku limene ndinapanga mapu a boma la Lilongwe pansi ndi dothi, phulusa ndi zitsononkho, mitsinje ya Bua, Namitete ndi Lingadzi n'kuithira madzi enieni, ana sanafune kuweruka. Ndinabwerera kunyumba ndili ndi kukhuta komwe kuja ndimakumva ndakatulo ikatha bwino.

Panatsala vuto limodzi. Ndinali ndi zidutswa zambirimbiri kumbuyo kwa makope, koma chomalizidwa panalibe. Chimene chinanditsegula maso ndi gule. Za kudambwe sizikambidwa papepala, ndipo ine sindizikamba. Ndinena zokhazo zimene aliyense woima pabwalo amaona ndi maso ake. Amaona Kasiyamaliro akulowa m'mudzi, wamtali, wowala ndi makoko a chimanga olukidwa mwaudongo woti sungaloze polumikizira. Amaona khonje, nthenga, nsanza, zinthu zimene dzulo zinali kudzala. Amaona Chadzunda, Maliya ndi Simoni, komanso zilombo zatsopano zimene zikunena za chaka chomwecho. UNESCO inalemekeza Gule Wamkulu mu 2005, ndipo ku Mua, kumene bambo Claude Boucher anayambitsa malo a zachikhalidwe a Kungoni mu 1976, nyumba ya Chamare imasunga nkhope zoposa 400. Koma gule sanadikire ulemu umenewo, ndipo anthu ake onse ndi alimi, a kabaza, oumba njerwa. Chimene chimachititsa kuti zonse zikhale zokonzeka ndi tsiku. Kukakhala m'meto, chiliza, chinamwali kapena kulonga ufumu, chimera chikanyikidwa ndiye kuti tsiku lakhomedwa. Mowa ukapsa suuzidwa kuti udikire chifukwa wina sanamalize.

Ine ndinalibe mowa wondithamangitsa, ndiye ndinadzipangira. Ndinapempha ahedi kuti tsiku lililonse lotsekera teremu, makolo akabwera kudzamva zotsatira, andipatse mphindi 5. Kunena pagulu kuti ndidzalakatula kunandimanga kuposa malonjezo onse amene ndinapanga ndekha pamaso pa sutikesi. Ndakatulo zitatu pachaka si zambiri, koma zinali zathunthu. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Ndipo tsiku limabwera ndi anthu ake. Ulendo wina nditalakatula za mlimi ndi mvula, agogo ena anandiimitsa pachipata. "Aphunzitsi, mwayankhula bwino, koma pamene paja chimanga chafika m'chiuno simunganene kuti akupalira. Pamenepo akubandira." Ananena zoona, ndipo mawu amodzi amenewo anakonza ndime yonse, chifukwa kubandira kuli ndi kulemera kwina, dothi likukwezedwa kuti phesi lisagwe. M'kachipinda kotseka chitseko kaja simukanalowa agogo amenewa.

Munthu akayamba kuona zimenezi amazipeza paliponse. Pa ngolo zopita ku msika wa Msundwe pali mawu olembedwa ndi penti yotsala. Anyamata a kabaza amaveka njinga zawo mphonje ndi timagalasi. Nthawi ya Khirisimasi amayi amazira makonde ndi mtsiro, n'kukulungiza ndi nkhulungo, n'kujambula maluwa pakhoma ndi dothi loyera ndi lofiira limene akatapa kutali. Ku Namitete, kumene sukulu ya ntchito zamanja yatulutsa akalipentala ambiri, ndinaima tsiku lina pa shedi ya mmisiri wina amene ankagoba kaduwa ndi tchizulo kumutu kwa bedi la paini. Ndinafunsa ngati mwini bedi analipirira duwalo. Anati ayi, ndipo mwina sadzaliona n'komwe. "Bedi ndi lawo, achimwene. Duwali ndi langa."

Timalakwa tikamati luso ndi lokhalo limene lamveka pa wailesi kapena lapachikidwa m'hotela mu Lilongwe. Ndiponso amene anamvekawo ambiri anadzera njira yomweyi. Samuel Josiah Ntara anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma pamene analemba Nthondo, buku limene linapambana mphoto mu 1933. Chinua Achebe analemba Things Fall Apart akugwira ntchito pa wailesi ya ku Nigeria, ndipo Benedicto Wokomaatani Malunga, amene anaimasulira m'Chichewa kukhala Chipasupasu, ankapeka ndakatulo zake ali ndi mafayilo a Yunivesite ya Malawi patebulo. Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni a Madalitso Band anaimba zaka zambiri m'misewu ya Lilongwe ndi babatoni wopanga okha asanakwere ndege kupita ku Zanzibar mu 2017.

Koma ndisakometse mopitirira. Pali nthawi imene ntchito imadya manja, mutu ndi mtima womwe. M'njala ya 2002 m'mudzi mwathu simunalire ng'oma. Anthu ankadya madeya ndi zitsa za nthochi, ankayenda mitunda kufuna ganyu wolipidwa kambale ka ufa, ndipo maliro ankaikidwa mwakachetechete ndi anthu ochepa amene anali ndi mphamvu zokumba. Atsibweni anagulitsa yunifolomu yawo ya mganda, ndipo chaka chimenecho sanapeke kanthu. N'zoona kuti m'njala yomweyo mnyamata wa zaka 14 wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, William Kamkwamba, atasiya sukulu chifukwa cha fizi, anamanga makina amphepo opangira magetsi ndi mitengo ya bulugama, njinga yakale ya bambo ake ndi zitsulo zotola. Ndimamulemekeza kwambiri. Koma ndimadana nazo anthu akamatenga dzina lake kukhala chikwapu chokwapulira osauka, ngati kuti aliyense amene sanapange kanthu m'chaka chimenecho anali waulesi. Iye anali ndi kalaibulale pafupi, ndipo anali mnyamata. Atsikana amsinkhu wake ola limenelo anali pamzere wa chimanga kapena atabereka mwana wa mayi awo.

Zimenezi zinandipeza m'nyumba mwanga momwe. Ndakatulo zitayamba kuyenda, ndinayamba kukhala pansi madzulo kuti ndizikopera bwino zimene ndapeka panjinga. Ndinkasangalala kuti tsopano nthawi ija ndaipeza. Tsiku lina akazi anga anaika nsima patsogolo panga n'kufunsa modekha kuti: "Bambo, inu mukamalemba, anawa amasamba okha?" Pamene tinkakwatirana iwo ndiwo ankatsogolera nyimbo m'kwaya, ndipo zina ankapeka okha. Anali atasiya zaka zingapo m'mbuyomo, ine osafunsa chifukwa chake. Ola limene ndinkati ndapeza silinagwe kumwamba, linachotsedwa pa tsiku lawo. Pambuyo pake ndinadzawerenganso za Trollope uja n'kuona chimene ndinachidumpha poyamba: anali ndi wantchito amene ankamudzutsa ndi khofi m'mawa uliwonse.

Tinagwirizana kuti Lachitatu ndi Loweruka masana, nthawi ya kwaya, madzi ndi ana zikhale zanga. Ndinkamanga zigubu panjinga kupita kumjigo, ndipo anthu ananena zambiri, ena mpaka kumati ndinadyetsedwa khuzumule. Zinandiwawa miyezi yoyamba. Koma tsiku limene kwaya yawo inaimba nyimbo yawo yatsopano pa mwambo wa masika, mpingo wonse n'kuipolokezera ngati unkaidziwa kale, ndinamva manyazi poganiza kuti zaka zonse zija nyimbo zoterezi zinkathera mu mphika ndi m'beseni. Ntchito ya mkazi wakumudzi yambiri ndi yodya manja, inde, koma mutu wake nawo sukhala pamtetete: ukuwerengera ufa wotsala, mwana wotentha thupi, ndiwo za mawa. Mayi aja a masipoko ankatha kuluka chifukwa kuchipatala kuja anali ndi mphika umodzi ndi wodwala mmodzi.

Masiku ano chimene chikundidetsa nkhawa ndi foni. Ili ndi ubwino wake: tsopano ndikatsika njinga ndimangojambula mawu, ndipo anyamata a m'matauni athu ang'onoang'ono akujambula nyimbo zawo m'tizipinda ta kuseri kwa mashopu n'kumazitumiza pa WhatsApp. Koma ndikaona achinyamata akusoka fodya aliyense zomvera zili m'makutu, ndimadzifunsa kuti kung'ung'udza kuja kudzayambira pati. Malo amene ntchito yodya manja inkasiya opanda kanthu tsopano adzaza ndi nyimbo za ena ndi zigoli za mpira wa ku England. Ine ndemwe ndinayamba kumvera wailesi ya pafoni panjinga, ndipo teremu imeneyo tsiku lotsekera linafika ndilibe cholakatula. Tsopano foni imakhala m'chikwama mpaka nditafika.

Atsibweni anachira ulendo uja, anakhalanso zaka zambiri, ndipo anamwalira m'chilimwe chathachi. Pamaliro pawo anabwera amuna okalamba a boma lawo, ena oyendera ndodo, atavala zoyera zimene zinawatsalira. Anaguba pang'onopang'ono kutsogolo kwa bokosi akuimba nyimbo zawo. Ndili chiimire pamenepo ndinazindikira kuti palibe ngakhale imodzi inalembedwa paliponse, ndipo oidziwa onse ndi awa akutsimphinawa.

Kope lachikuto chakuda lija linali likadali loyera, pakuti zanga zonse zinkathera kumbuyo kwa masikimu ndi m'foni. Ndinalitulutsa, ndipo pansi pa mawu aja akuti Nthano ndi Ndakatulo ndinalemba dzina la atsibweni. Ndakhala ndikuyendera okalambawo mmodzimmodzi. Pofika pano ndalemba nyimbo 11, ndipo pa zina amatsutsana mawu, wina akuti ankati chakuti, wina akuti ayi. Ndimalemba zonse ziwiri. Pali bambo ena cha ku Kabudula amene anzawo akuti amasunga nyimbo zakale kwambiri, za nthawi ya fodya wa chikopa. Ndinapitako Loweruka lapitali. Anandiyalira mphasa, ndinatsegula kope, ndipo anayesa kukumbukira, maso ali kumwamba, koma sizinabwere. Potsazikana anandigwira dzanja n'kunena kuti: "Pepani aphunzitsi, nditangokhala chonchi sizituluka. Mtedza wanga uli pa mulu kumunda. Mubwere Loweruka likubwerali tidzathothole limodzi, kopelo mudzabwere nalo."